Zikoti za m'Kaundula

Mvumbi unali utagwa masiku asanu ndi anayi osapuma. Mvula yotere siigunda, siing'anima, imangonyowetsa. Imafuna kuti nkhuni zilowe m'nyumba, mchere ukhale pafupi ndi moto, zovala ziyanikidwe pa chingwe cha m'kati. Imafuna kuti munthu wokalamba akulunge maondo ndi nsanza ndipo asapite kutali. A Chikombole ankachita zonsezi, koma mvulayo sankaiyankhulira zabwino. Kumudzi kumene anabadwira anthu amati mvula ndi mlendo wolemekezeka. Iwo anasiya kunena zimenezo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chaka chimene analembedwa ntchito ku kampani youmba njerwa kumphepete kwa tauni.

Dzinali analipezera komweko. Chikombole chawo chinali cha njerwa ziwiri, chathabwa lolimba, ndipo sankalola munthu wina kuchigwira. Ntchito inkayamba mame akadali pa udzu. Ena ankakumba dothi, ena kuliponda ndi mapazi, ndipo iwo ankaima patebulo: kutapa, kuponya m'chikombole, kusalaza ndi kathabwa, kukakhuthula pabwalo, kubwerera. Anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Lero zala zawo siziwongoka, ndipo kapu amaigwira ndi manja awiri ngati mwana.

M'mawa uliwonse munthu ankaima pawindo la ofesi n'kutchula nambala yake. Yawo inali 214. Kuseri kwa windolo kunkakhala Kalaliki, amene ankaika kamzere m'kaundula pa dzina la munthuyo. M'chilimwe timizereto tinali chakudya. Dzuwa linkaumitsa njerwa masiku atatu, mauvuni ankafuka usana wonse, ndipo pakutha pa mwezi munthu ankalowa m'nyumba akutsokomola mwadala kuti ana adziwe kuti bambo afika. Dzinja linali lina. Njerwa yaiwisi ikanyowa imabwerera kwao, kumatope. Komabe aliyense ankayenera kufika, apo ayi malo ake ankapatsidwa kwa wina. Ankatchula nambala, ankaima pansi pa shedi kuyang'ana kumwamba, kenaka kapitawo ankawabweza. Tsikulo silinkalipidwa. Kamzere ka tsiku lotero anthu ankakatcha chikoti. Munthu ankafika kunyumba atanyowa n'kuuza mkazi wake kuti lero Kalaliki watikwapula, ndipo mkaziyo ankadziwa kuti mphika ukhala waung'ono.

Ana anabadwa asanu, anakula awiri: mtsikana woyamba, amene bambo ake amamutchabe Chisamba ngakhale tsitsi lake layamba kuyera, ndi mlongo wake wamwamuna. Chaka cha mvula yaikulu, imene inakokolola mlatho wa njanji, Chisamba anali m'kalasi lomaliza la pulayimale ndipo ankakhala nambala wani. Fizi inapezeka ya mwana mmodzi. Mtsikanayo anatsala pakhomo kuthandiza amake kuchapa zovala za anthu. Mlongo wake anapitiriza, ndipo lero ali kutali, mu ofesi, kumene amaimba foni pakagwa maliro basi.

A Chikombole sanalongosolepo zambiri za chaka chimenecho. Ankangoti inali mvula. Chisamba anawanyamula mawuwo zaka makumi anayi monga munthu amayendera ndi kamwala m'nsapato pamene palibe pokhala kuti avule. Anaphunzira kusoka, anagula makina, anamanga nyumba, ndipo amake atamwalira anapatsa bambo ake chipinda cha kuseri. Mvula suizenga mlandu.

Kampani inatsekedwa kalekale. Denga la ofesi litagwa, anthu anapeza m'kabati yachitsulo makaundula makumi asanu ndi limodzi, ena atadyedwa ndi chiswe. Anthu a ku yunivesite anawajambula tsamba ndi tsamba n'kuwapereka ku kompyuta imene anaiphunzitsa kuwerenga zolemba pamanja. Anaionetsa masamba mazana angapo amene anthu anali atawerenga kale, kenaka inapitiriza yokha. Pamene chiswe chinadya, inkayang'ana masamba oyandikira n'kuyerekeza chimene chinalipo. Pomaliza inawerengetsa zimene munthu aliyense ankalandira chaka ndi chaka, ndi zimene akanagula nazo pa mitengo ya nthawiyo. Zonsezi anaziika poti aliyense wokhala ndi foni angazione.

Anazipeza ndi mwamuna wa Chisamba, wokonza mafoni pamsika, munthu wa nthabwala zoluma amene chipinda cha kuseri chija ankachiona ngati lendi imene ikuwola. Linali Lamulungu masana, onse atatsekeredwa pabalaza ndi mvumbi. Chisamba ankasoka mayunifolomu pafupi ndi windo.

"Apongozi, nambala yanu ya kuntchito inali chani?"

Anaitchula monyada, monga ankaitchulira pawindo. Mkamwiniyo anadinadina, kenaka anayamba kuwerenga pang'onopang'ono ngati wolengeza opambana mpikisano. Chaka cha mlatho, 214 anagwira masiku mazana atatu ndi limodzi. Malipiro ake anali okwanira ufa wa banja la anthu asanu ndi mmodzi, sopo, mafuta, lendi, fizi ya ana atatu, ndipo zotsala zikanagula njinga m'zaka ziwiri. Pansi pake panalembedwa kuti munthu ameneyu sanali wosauka.

"Njingayo ili kuti, apongozi? Kapena munaikwera n'kukaisiya kwa amayi ena?"

Phazi la Chisamba linaima pa makina. Anauza mwamuna wake kuti abwereze pamene pakunena za fizi. Anabwereza.

"Bambo, ife tinali awiri."

"Inali mvula, mwananga."

Mkamwiniyo anaseka n'kunena kuti mwezi umene mlatho unagwa bukuli likuonetsa masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, onse odzaza. Anati makinawa samwa mowa, alibe chibwenzi, sadana ndi munthu, ndipo alibe chifukwa chonamizira nkhalamba imene sanaionepo. A Chikombole anayamba kufotokoza za zikoti, koma mawu awo anatuluka osokonekera, chifukwa munthu amene wanena chinthu chimodzi zaka makumi anayi sakhala ndi chachiwiri chokonzeka. Chisamba sanawayang'ane. Anadula ulusi ndi mano, anapinda yunifolomu yosamaliza, n'kulowa kuchipinda.

Kuyambira tsiku limenelo mbale yawo inkapezeka pa sitepe, yovundikira ndi ina, popanda wogogoda. Moni wa m'mawa ankagwera pansi. Chisamba anaimbira foni mlongo wake, ndipo khoma la nyumbayo ndi lopyapyala: anamva akunena kuti walera munthu ameneyu zaka zisanu ndi zinayi pa bodza, ndipo tsopano abwere adzamutenge amene anadya fiziyo. Mlongoyo anati nyumba yake ndi yaing'ono. Chisamba anati ndiye apite kumudzi. Kumudziko kunatsala manda okha ndi mtengo wa mango.

Lachiwiri mkamwini uja analowa m'chipinda cha kuseri chija ndi tepi yoyezera ya mkazi wake, osaodira. Anayeza khoma, anayeza windo, anawapempha kuti akweze mapazi kuti ayeze pansi pa bedi. Anati pali mphunzitsi wina amene akufuna chipinda pakutha pa mwezi, munthu wodziwa kumene ndalama zake zimapita. A Chikombole anakweza mapazi. Mvula ikakuona litsiro siikata.

A Chikombole anamva kuti mayi amene ankatsogolera kafukufuku wa makaundula uja amakhala ku laibulale Lachitatu lililonse, kujambula mawu a anthu akale. Anavala jekete la maliro, anadziphimba ndi thumba lapulasitiki, n'kupita. Chipindacho chinali kuseri kwa mashelefu, chonunkha mapepala onyowa, chokhala ndi ndowa pakona yolandira madontho. Mayiyo anali wa imvi, wa magalasi a chingwe, ndipo ankatsokomola ngati munthu amene wapuma fumbi la mabuku nthawi yaitali. Anawalandira bwino mpaka pamene ananena kuti makina ake anama.

Anawafunsa ngati amawerenga. Anati ayi, koma nambala yawo amaidziwa ngati nkhope ya mwana. Mayiyo anasaka tsambalo pa kompyuta n'kuwatembenuzira. Inalipo, 214, ndipo kutsogolo kwake timizere tandandalika ngati mpanda. A Chikombole anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Timizere tina tinali chilili, tambiri tinali topendekeka pang'ono.

"Izi ndi zikoti."

Mayiyo anati amenewo ndi mawani, nambala 1 ya tsiku limene munthu wagwira ntchito. Dzanja la munthu likatopa limapendeka, ndipo wolemba ameneyu anali wosasamala: mawani ake amagwa uku ndi uku pa masamba onse. Ophunzira ake anawerenga masamba mazana asanu asanaphunzitse makinawo, ndipo palibe anaona mitundu iwiri ya mizere. Koyambirira kwa buku lililonse kuli mndandanda wa zizindikiro: cha wodwala, cha wothawa, cha womwalira. Cha mvula palibe. Kenaka ananena mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunapweteka, kuti aliyense wobwera m'chipindamo amati anavutika kuposa mmene mabuku akunenera. Anati njala imakula ikamakumbukiridwa.

"Mayi, munagonapo ndi njala?"

"Sindikutsutsana ndi mimba yanu, bambo. Koma sindingasinthe ntchito ya zaka zitatu chifukwa munthu mmodzi waona chikoti. Ndibweretsereni amene analemba."

Ananena zimenezi ngati munthu wotseka chitseko, poganiza kuti wolembayo anafa kale.

Sanafe. Ankakhala kutsidya kwa njanji, kwa mdzukulu wake, mwendo umodzi utadulidwa ndi matenda a shuga. Anali wamkulu kwa a Chikombole ndi zaka ziwiri, koma m'dera lonselo palibe amene anaikapo "a" kutsogolo kwa dzina lake. Anali Kalaliki basi. Anthu a njerwa akakumana naye ankalavula pansi, ndipo a Chikombole ankalavula patali kuposa onse. Pa maliro a mkazi wawo Kalaliki anabwera ndi chipewa m'manja, ndipo anamubweza pageti. Tsopano anayenera kukagogoda pakhomo pake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Anamupeza pakhonde, pa njinga ya olumala, bulangete pa bondo, akuyang'ana madzi otsika padenga. Anawazindikira asanafike.

"Thu wani folo. Wachedwa."

"Ukadali moyo?"

"Ndikudikira maliro ako kuti ndidzalowe pageti."

Sanawapatse mpando. A Chikombole anaima m'madontho n'kufotokoza. Kalaliki ankadziwa kale zonse. Mdzukulu wake anamuwerengera pa foni, ndipo kuyambira pamenepo anthu kutchalitchi ayamba kumupatsa moni. Mwana wa woponda dothi wina anabwera kudzapepesa m'malo mwa malemu bambo ake, akuti sankadziwa kuti kampani inkalipira bwino chomwecho ndipo mbala zinali m'nyumba zawo zomwe.

"Zaka makumi anayi mukundilavulira. Lero makina andisambitsa, ndayera. Ndidzipakenso matope chifukwa cha iwe?"

A Chikombole anamuuza za mbale ya pa sitepe, za tepi, za mphunzitsi. Sanapemphepo munthu chinthu chiyambire, ndipo mawuwo anatuluka ngati minga. Kalaliki anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti mauvuni awiri akadali chilili, ndipo umodzi sudontha kwambiri, akhoza kukagona m'menemo.

A Chikombole anatembenuka kuti azipita. Pa sitepe yomaliza anaima. Sanakonzekere zimene ananena. Zinangotuluka chifukwa anafuna kusiya bala.

"Khala ndi kuyera kwakoko. Mayi uja akuti wolemba mabukuwo anali ndi dzanja la nkhuku. Akuti unali waulesi, mawani ako ankagwa ngati oledzera, ndipo zimenezo azilemba m'buku lawo."

Kalaliki anawongoka pa njinga yake.

"Wati ndani?"

"Mayi wa magalasi. Wophunzira kuposa iwe."

Kalaliki anachotsa bulangete. Anati iye anapata mphoto ya kalembedwe kusukulu ya mishoni zaka zitatu zotsatizana. Anati m'zaka makumi atatu ndi zisanu sanafufutepo chilembo, sanadonthezepo inki, ndipo mzere uliwonse m'mabuku makumi asanu ndi limodzi uja unaima pamene iye anaufuna. Anati Lachitatu lotsatira a Chikombole abwere m'mawa adzamukankhe, chifukwa mdzukulu wake amapita kuntchito, ndipo asachedwe monga mwa khalidwe lawo.

Lachitatulo mvula inali itasanduka nkhungu. Asanachoke, a Chikombole anaima pakhomo la balaza n'kuuza msana wa Chisamba kumene akupita ndi nthawi yake. Makina osokera sanaime.

Kalaliki anavala tayi. M'thumba la malaya munali cholembera chake chakale cha inki, ndipo pa bondo anagwirizira kabotolo. Njinga inali ndi gudumu lolira, ndipo msewu unali matope okhaokha. Wokankhayo ankapuma pa mtengo wa magetsi uliwonse. Wokankhidwayo ankanena kuti ngakhale pa ntchito anali wotero, wamkamwa waukulu ndi miyendo yaifupi. Wokankhayo anati pa mlatho pali malo abwino otayira zinyalala. Anafika ku laibulale onse awiri atathimbirira, osasiya kutukwanana.

Chisamba anali ataima pafupi ndi chitseko cha chipindacho, ambulera ili m'manja. Sanapereke moni kwa aliyense.

Kalaliki sanadikire kufunsidwa. Anauza mayi wa kafukufuku kuti ampatse pepala loyera, osati lamizere. Anamwetsa cholembera, anachiyesa pa chala, kenaka analemba timizere tiwiri, kamodzi pafupi ndi kanzake. Poyang'ana mwachangu tinali tofanana.

"Aka ndatsitsa. Aka ndakweza. Cholembera chikatera chimasiya kamutu. Tsiku lolipidwa lili ndi mutu kumwamba. Chikoti chili ndi mutu pansi, mchira kumwamba. Nkhuku imatha zimenezi?"

Mayiyo anafunsa chifukwa chake chizindikiro chotere sichinalembedwe koyambirira kwa buku. Kalaliki anamuyang'ana ngati mwana wofunsa chifukwa chake mbala siiyatsa nyali. Anati oyendera a boma ankabwera kawiri pachaka kudzaona ngati antchito akulipidwa masiku onse amene afika. Mwini kampani ankafuna buku limene oyenderawo aone lodzaza, koma wolipira aone zoona. Iye ndiye anapeza njira yake, ndipo palibe woyendera mmodzi amene anaitulukira. Ananena zimenezi mutu uli m'mwamba.

Mayiyo anakuza tsamba la mwezi wa mlatho mpaka kamzere kalikonse kanakula ngati chala. Timitu tinaonekera. Anawerenga ndi nsonga ya pensulo, milomo ikuyenda. Pa masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi a 214, asanu okha anali ndi mutu kumwamba. Anatsegula tsamba lina, la munthu wina, la chaka china. Anatsegula lachitatu. Anavula magalasi n'kuwasiya alendewere pa chingwe. Nkhope yake sinali ya munthu wothokoza. Anafunsa mokwiya chifukwa chake pa zaka zitatu zonsezi palibe anamuuza.

"Munafunsa ndani?" anatero a Chikombole.

Mayiyo anavalanso magalasi. Anati ziwerengero zonse ziyenera kuchotsedwa lero lomwe, ndipo makinawo aphunzitsidwenso. Padzafunika munthu wokhala naye pansi kusiyanitsa timizere mazana ambiri mpaka makinawo atagwira. Kalaliki anati iye alipo, koma alipidwe tsiku lililonse limene wafika, kugwe mvula kusagwe.

A Chikombole anatembenuka kuyang'ana mwana wawo. Koma Kalaliki anali asanamalize. Anali atasuntha njinga yake kufupi ndi kompyuta, ndipo anauza mayiyo kuti atsegule mwezi wotsatira. Analoza ndi cholembera zikoti zisanu ndi chimodzi zotsatizana pa mzere wa 214, pamene mizere ya pamwamba ndi pansi pake inali ndi mitu kumwamba.

"Makina anu asati izi ndi za mvula. Sabata imeneyo dzuwa linawala, anzake onse anaumba. Izi ndi za pakamwa. Anandinena kuti ndine mbala, pawindo, pamaso pa kapitawo. Sabata yoti sukulu zitsegulidwe Lolemba." Anatembenuza mutu kuyang'ana kuchitseko. "Ndiwe mtsikana uja wa nambala wani? Bambo ako ankakutchula tsiku lililonse. Anangolephera kutseka pakamwa."

Chisamba anatsegula ambulera m'chipinda momwemo n'kutuluka.

A Chikombole anayenera kumubweza Kalaliki kwao, chifukwa panalibe wina. Atafika anamukweza pakhonde, anamuponyera bulangete, ndipo asanachoke analavula pansi, pafupi ndi gudumu.

Pamene ankafika kunyumba nkhungu inali itang'ambika, ndipo kadzuwa kofooka kanagwera pa madenga. Nthunzi inkakwera m'misewu. Chisamba anali pa makina koma sankasoka. Anawauza kuti alowe, ndipo anakhala pa mpando wa makasitomala, jekete likudontha.

Anayamba iwo. Anati masiku asanu ndi limodzi aja sakanakwanira fizi ya wachiwiri, ngakhale akanalipidwa onse. Chisamba anati akudziwa, wawerengetsa kale m'njira, masamu sanawaiwale. Anati za akazi ena ndi mowa wazichotsa mumtima, ndipo mwamuna wake adzamva mawu ake pa zimenezo. Koma sanamalize pamenepo.

"Fizi inali ya mmodzi, ndavomera. Ine ndinali nambala wani. Iye anali nambala sate, chakumchira. Mvula inadziwa bwanji kuti wotsala ndi ine?"

A Chikombole anayang'ana zala zawo. Panja nkhuku za aneba zinali zitatuluka kukapalasa koyamba m'masabata atatu.

"Siinadziwe. Ndinasankha ndine. Amako anakana, analira usiku uwiri, ine ndinakakamira. Ndinati mtsikana adzakwatiwa."

"Ndipo zaka zonsezi mumati mvula."

"Mvula siiyankha."

Chisamba anakhala nthawi yaitali akusalaza nsalu imodzimodzi ndi chikhatho. Sanalire. Anati akanakonda kuti makina aja akhale olondola, chifukwa bambo woledzera amamveka, ndipo munthu amadziwa pomuika. Anati sakudziwa poika bambo amene ankatchula dzina lake pawindo tsiku lililonse kenaka n'kumusiya pa mwala wochapira.

Mwamuna wake analowa akupukuta mapazi, ali ndi nkhani yoti mphunzitsi uja abweretsa bedi lake Loweruka. Ataona apongozi ake pabalaza anafunsa ngati abwera kudzatsanzika. Chisamba sanakweze mawu. Anamuuza kuti akauze mphunzitsiyo kuti chipindacho chili ndi munthu. Mwamunayo anayamba kunena za mawu amene anapereka kale, za manyazi pamsika, za foni imene siinama.

"Njerwa za nyumba ino zinagulidwa ndi singano. Ndipo tepi yanga mubweze pamene munaitenga."

Anatuluka akung'ung'udza. Chisamba anakoka yunifolomu ina, anaiika pansi pa singano, n'kuyankhula osayang'ana kumbali.

"Musaganize kuti yatha, bambo. Sindinakukhululukireni. Mwina sindidzatha." Phazi lake linayamba kuyenda. "Izi zikufunika mawa m'mawa, ndipo simbi yazizira."

A Chikombole anavula jekete n'kulipachika kuseri kwa chitseko. Anatenga simbi ija ndi manja awiri, anapita nayo kukhitchini, anataya phulusa lakale. Anasankha makala ofiira pa mbaula, limodzi limodzi ndi supuni, mpaka inadzaza. Anatseka chivundikiro, anatuluka panja, anaigwedeza mumphepo kasanu kuti moto ugwire. Ananyowetsa chala n'kukhudza pansi pake, ndipo inalira. Anaipukuta pa chiguduli, analowa nayo, n'kuiika pa chitsulo chake kumapeto kwa tebulo, chogwirira chitaloza kudzanja lamanja la Chisamba.